Dongo Lachisanu

M'nyumba imeneyo chipinda chokhacho chimene chinkalowa dzuwa chinali cha tianthu ta pulasitiki. Anthu enieni, opuma mpweya, ankagona kuchipinda chakumbuyo, kumene zenera lake linayang'anizana ndi khoma la oyandikana nawo, ndipo thawulo ukaliyanika m'mawa unkalipeza madzulo likadali lonyowa. Mayi wa m'nyumbamo anadandaula za zimenezi kwa zaka makumi awiri ndi zisanu, kenako anasiya. Sikuti anagonja ayi, pakamwa pokha ndi pamene panatopa.

Ntchito ya amuna ake inali iyi. Ankagula asilikali a pulasitiki, aja otalika ngati chala chaching'ono, n'kuwadula mfuti ndi lezala, kuwathyola mikono, kuilumikizanso ndi waya, kenako n'kuwaumbira zovala zatsopano. Msilikali wolusa ankatuluka m'chipindamo ali mayi wonyamula basiketi, kapena kondakitala wolendewera pakhomo la basi. Ogula analipo ndithu: ojambula mapulani a nyumba, ofuna anthu oti aziima m'timisewu tawo ta pa tebulo, komanso azibambo ena a ndevu zawo amene amasonkhana Loweruka kumenyanitsa tizidole, zinthu zoti ukazimva umangoyang'ana kumbali. Msewu wonse unkawatchula bambowo kuti a Tianthu. Mkazi wawo ankatchedwa Mayi Tianthu, dzina limene ankavomera akaitanidwa koma sanalikondepo ngakhale tsiku limodzi.

Zovala za tianthuto ankaziumba ndi dongo. Eni ake ankakana kuti si dongo, ankatchula maina a pa paketi opotokola lilime, koma kwa mayiyo chilichonse chimene munthu amakanya ndi zala n'kuumba nacho ndi dongo basi. Limene bambowo ankalikonda linali lobiriwira. Linkabwera ngati lamba wa mitundu iwiri, mbali ina yachikasu, ina yabuluu. Ukadula kachidutswa n'kukanya, mitundu ija inkasakanikirana n'kukhala biriwiri, ndipo kuyambira pamenepo unkakhala ndi ola limodzi ndi theka lisanaume.

Dongo lomwelo ndi limene linawatembenukira. Zinayambira ku zala: kuyabwa, kusupuka, ming'alu yotuluka madzi. Kenako milomo. Lamlungu lina masana, ali pa tebulo, a Tianthu anaika supuni pansi n'kunena kuti, "Mayi, mpweya sukudutsa bwino." Mayiyo atadzutsa maso anapeza nkhope imene wakhala akuiona zaka zonsezi ili yachilendo, milomo ngati yalumidwa ndi njuchi, maso atatsala timizere. Za ulendo wa ku chipatala tsiku limenelo sakonda kuzikamba. Amangonena kuti anathamanga osavala nsapato kukagogoda kwa woyendetsa takisi.

Dokotala anali mayi wamng'ono thupi, wosadziwa kuzungulira. "Thupi lanu lakwana nawo mankhwala a m'dongomo," anatero. "Limatero thupi, limapirira zaka zambiri kenako n'kukana tsiku limodzi. Muzivala magolovesi, muzivala masiki, yesani mitundu ina. Koma zikapitirira, ntchitoyo muisiye. Tsiku lina kukhosiko kudzatsekeka musanafike pano."

Munthu wina akanamva mawu akuti muisiye. A Tianthu anamva akuti yesani mitundu ina. Anasankha asilikali asanu ofanana ndendende, anawadula mfuti, anawamata pa kathabwa mondondozana, n'kulengeza kuti aliyense amuumbira jekete ndi dongo lakelake, sabata imodzi dongo limodzi. Limene lisawatupitse, ndi lomwelo. Mayiyo naye anapatsidwa ntchito popanda kufunsidwa: m'mawa uliwonse asanapite kochapira zovala kumene ankasita tsiku lonse chiimire, ankawaimika amuna ake pakhomo powala, kuwagwira chibwano, kuyang'ana milomo, kupaka mafuta a ku chipatala. Madzulo akabwera, miyendo itatupa mpaka nsapato kukana kuvuka, ankapatsidwa lipoti la dongo.

"Loyerali ndi laulemu, mayi," anatero bambowo sabata yoyamba. "Ukalinyowetsa limasalala ngati sopo. Likauma limalimba gwa, umalipala ndi sandipepa, umaliboola, silidandaula. Koma nsalu silidziwa. Mapindiro a jekete akutuluka ngati malata."

"Nanga anthu ake akudandaula?"

"Anthu ake ati?"

"Ovala jeketewo."

Bambowo sanaseke. Lachinayi milomo inatupa.

Sabata yachiwiri linali labulawuni. Limeneli, malinga ndi lipoti, linali labwino pa zinthu zakuthwa m'mphepete, zipewa, malamba, mabatani, koma louma mtima, lofulumira kulimba munthu usanamalize kuganiza. Lachitatu milomo inatupa, ndipo mayiyo anajomba ku ntchito kukakhala nawo pa benchi ya ku chipatala mpaka masana.

Dongo lachitatu linali la mu uvuni, ndipo pa limeneli onse awiri anaikapo mtima, chifukwa dokotala anati mulibe mankhwala aja. Silinkauma lokha. Munthu unkatha kuumba mkono wa jekete Lolemba, kolala Lachiwiri, n'kubwereranso kukakonza Lachitatu. A Tianthu anayamba kuimba mluzu m'chipinda mwawo. Lachinayi anamuchotsa msilikali wachitatu pa kathabwa paja n'kumulowetsa mu uvuni wa mayiyo, kuiwala kuti munthu wovala jeketeyo ndi wa pulasitiki. Jekete inapsa bwinobwino. Mwini wake anagwada, mutu n'kugwera pachifuwa, ndipo khitchini inanunkha masiku awiri. Zimenezo akanazikhululuka mayiyo. Koma Lachisanu m'mawa atawagwira chibwano pakhomo, anaona mlomo wam'munsi uli psuu, wayamba kale kunenepa.

"Mwina ndi tiyi wotentha," anatero bambowo.

"Mwina," anayankha mayiyo, akutsegula botolo la mafuta.

Dongo lachinayi linali louma ndi mphepo, lotchipa, la ana a sukulu. Pouma linanyala, linachita ming'alu, jekete n'kugwa yokha pamsana pa msilikali. Milomo inatupabe.

Chodabwitsa chinali chakuti zala zinali zitapola. Magolovesi anagwira ntchito yake, khungu latsopano linamera, mphete yaukwati inayambanso kulowa. Milomo yokha ndi imene inkakana. Dokotala anagwira cholembera, anachiika pansi, n'kunena kuti mwina ndi fumbi, mwina ndi fungo, iye sangadziwe za m'chipinda chimene sanalowemo. "Masiki mumavala?" A Tianthu anati amavala. "Ndiye basi, bambo. Mwayesa. Ine sindikufuna kudzakulandirani pa machira."

Atafika kunyumba a Tianthu anakhala pa mpando nthawi yaitali, manja ali pa mawondo, kenako anati, "Muwauze akamwini abwere ndi galimoto Loweruka. Kuli mphunzitsi wa zojambula kusukulu kuja, zitsulo zanga angazigwiritse ntchito."

Tinene zoona, mayiyo anasangalala. Anawamvera chisoni amuna ake, inde, koma pansi pa chisonicho panali chimwemwe chenicheni, ndipo sanachite nacho manyazi. Anali atatopa. Anatopa ndi kudzuka mtima uli m'mwamba, kumvetsera ngati munthu ali pambali pake akupuma. Anatopa ndi fungo la chipatala m'zovala, ndi nambala ya woyendetsa takisi imene anailemba pa khoma la khitchini. Lachitatu bambowo atapita kukameta, analowa mwakachetechete m'chipinda cha dzuwa chija n'kuyeza zenera ndi tepi. Anaona kale pamene adzaike mpando wake, ndi kampando kena kotsamiritsapo miyendo akaweruka.

Loweruka linafika. Mkamwini anati abwera folo koloko. Cha m'ma fili koloko, makatoni atatu atamangidwa kale, a Tianthu anaima pakhomo la khitchini atanyamula kathabwa kaja. Panali wa malata, wa bulawuni, malo a wogwada uja, wa ming'alu, ndipo kumapeto msilikali wachisanu, wosavala kanthu.

"Uyu anali wa lobiriwira," anatero. "Ndinaopa."

"Munachita bwino kuopa."

"Sangapite wamaliseche, mayi. Ola limodzi lokha. Latsala kachidutswa."

"Mukufuna mundifere m'manja tsiku lomaliza?"

"Ola limodzi."

Mayiyo anakana katatu. Kachinayi anayang'ana nkhope yawo n'kugwa ulesi. Anatenga mapiritsi a ku chipatala, kapu ya madzi, foni, ndi juzi imene ankaluka, n'kunena kuti akhala momwemo, chitseko chotsegula, zenera lotsegula, ndipo akangoona chachilendo dongolo alitaya panja. Aka kanali koyamba kukhala m'chipindamo amuna ake akugwira ntchito. Kalekale, ali mtsikana, anasesamo tsiku lina n'kutaya timitu khumi ndi kamodzi poganiza kuti ndi zinyalala, ndipo kuyambira pamenepo chitseko chinkakhala chotseka.

A Tianthu anavala magolovesi, masiki, ndi magalasi awo okulitsa zinthu aja omangirira kumutu. Anadula lamba wa mitundu iwiri uja n'kuyamba kukanya. Asanamalize n'komwe, mpweya wa mu masiki unachititsa nthunzi pa magalasi. Mosaganizira, ndi chala chimodzi, anakokera masikiyo pachibwano. Mayiyo anatsegula pakamwa kuti akalipe, ndiye kuvala kwake n'kumeneku? Koma zenera linali lotsegula, ntchito inali ya ola limodzi, ndipo mphamvu zokangana analibe. Anangopitiriza kuluka.

Bambowo anayala dongo pamsana pa msilikali, lopyapyala ngati khungu la anyezi. Anatenga kachitsulo kawo kakale, konga ka dokotala wa mano, chigwiriro chake chitatha ndi zala. Anakakweza kukamwa, lilime linatuluka pang'ono, nyambi, kenako kachitsulo kanatsikira pa jekete n'kukoka mzere umodzi wosalala kuchokera paphewa.

Mayiyo anaimitsa singano.

Mzere wachiwiri. Dongo linayamba kumatirira ku chitsulo. Dzanja linakwera, nyambi, n'kutsika. Nkhope yawo sinasinthe, maso sanachoke pa msilikali. Munthu sankadziwa n'komwe kuti ali ndi lilime. Mayiyo anasuzumira kachitsuloko ndipo anaona pakhosi pake pataundana dongo lakale, lobiriwira mwakuda, la zaka kaya zingati, limene nsalu siinkafikapo popukuta. Kachitsulo kameneka ndi kamene kanaumba jekete yoyera, yabulawuni, ya mu uvuni, ya ana a sukulu. Mitundu inayi yonse anaiimba mlandu, inayi yonse anaitaya, chonsecho sabata iliyonse ankadya chinthu chimodzimodzi.

Anayamba kuwerenga. Kasanu. Kasanu ndi kawiri. Kakhumi ndi kawiri.

Ndipo sananene kanthu. Dzuwa linali litagona pansi pa zenera, pamalo penipeni pamene anaikapo mpando wake m'maganizo. Makatoni anali omanga. Mkamwini anali m'njira. Akangokhala chete ola limodzi lokha, zonse zitha zokha, popanda bodza, popanda mkangano, ndipo dokotala yemwe anali atalamula kale. Ndani angamunene? Iyenso si dokotala. Mwina si lilime. Mwina akanena, bambowa ayambiranso, n'kudzatupa tsiku limene iye ali ku ntchito, chitseko chili chotseka. Kukhala chete kunali kuwapulumutsa, anadziuza choncho, ndipo zinali zoona ndithu. Kungoti ankadziwanso kuti tepi yoyezera ili m'thumba la epuloni yake.

Kakhumi ndi kasanu ndi kanayi, a Tianthu anaika kachitsulo pansi. Anakankhira magalasi pamphumi n'kutembenuzira kathabwa kwa mkazi wawo.

"Taonani, mayi."

Anaona. Ngakhale iye, amene tianthu tinamukwana kalekale, anaona. Jekete inali ndi makwinya pachigongono, thumba limodzi litafutukuka ngati muli kiyi, kolala itapindika mbali imodzi. Zaka zonse zimene wakhala akusita majekete a anthu, ankadziwa mmene nsalu yotopa imagonera pamsana pa munthu, ndipo inali imeneyo.

"Lobiriwira limamva," anatero bambowo. "Enawa umachita kuwakakamiza."

Anavula magolovesi. Anayala nsalu pa tebulo n'kuyamba kukulunga zitsulo chimodzichimodzi, chilichonse kuchipukuta kaye. Kakale kaja anakasiya komaliza, anakagwira nthawi yaitali, kenako anakakulunganso. Ali chiweramire anati, "Makatani muike oyera. Chipindachi chimakonda kuwala. Ndipo mpando musauike pafupi kwambiri ndi zenera, mvula ikamawomba imadontha pakona apo."

"Ndani wanena za makatani?"

"Munaiwala pensulo yanu pa zenera Lachitatu."

Analankhula mopanda mkwiyo, ngati munthu wopereka makiyi a nyumba imene wasamukamo. Akanakalipa, mayiyo akanalimba mtima. Panja galimoto inaimba hutala.

Mayiyo anaika juzi pansi, anapita kukhitchini, anaima pa sinki atagwira mpopi osautsegula. Hutala inaliranso. Anatukwana chamumtima, kutukwana dongo, asilikali, ndi tsiku limene anavomera kukwatiwa ndi munthu wa manja aluso. Kenako anatenga kambale ka tiyi, anathiramo madzi, n'kubwerera nako. Anakaika pa tebulo mwamphamvu moti madzi anatayikira pa nsalu.

"Tulutsani lilime."

"Chiyani?"

"Tulutsani lilime, bambo, ndatopa ine."

Anatulutsa. Mayiyo anatenga ngodya ya epuloni, anapukuta kunsonga kwake, n'kuwaonetsa. Panali kadontho kobiriwira, kochepa ngati njere ya shuga.

"Mumanyambita chitsulo."

"Ine? Ayi."

"Kakhumi ndi kasanu ndi kanayi. Ndimawerenga."

A Tianthu anayang'ana epuloni, anayang'ana nsalu yokulunga zitsulo, anagwira mlomo wawo, umene unali utayamba kale kufiira. Anakhala pansi pang'onopang'ono. Mayiyo anawapatsa piritsi ndi kapu ya madzi, iwo anameza osayang'ana.

"Chitsulo chouma chimamata," anatero bambowo, mawu ali pansi. "Amene anandiphunzitsa ankatero. Tonse timatero." Anayang'ana kathabwa kaja. "Ndiye masabata onse aja..."

"Uvuni wanga unanunkhira chabe."

"Mwaona liti?"

"Poyamba pomwe."

Anayang'ana wotchi ya pakhoma, kenako mkazi wawo. Ola lathunthu linali litadutsa, ndipo onse awiri ankadziwa. Mayiyo sanagwetse maso. Bambowo sanafunse.

Mkamwini anagogoda n'kusuzumira pakhomo, makiyi ali m'manja. "Amayi, tiyambe ndi makatoni ati?"

"Pepani bambo, takuvutitsani chabe. Khalani pabalaza, ndikupangirani tiyi. Katunduyu sapita lero."

Mkamwini anali munthu wanzeru, wodziwa nthawi yosafunsa apongozi mafunso. Anabwerera.

"Lolemba tipita kukamuuza dokotala," anatero mayiyo. "Akakana, wakana, sindidzamvanso za ola limodzi. Zitsulo zonsezi muzipale mpaka ziwale. Mukafuna kunyowetsa, madzi ndi awa."

"Ndamva, mayi. Kungosiya kunyambita basi. Chapafupi."

"Chapafupi eti? Tayesani."

Dongo linali lisanaumiretu. A Tianthu anavalanso magolovesi, anamasula kachitsulo kena katsopano, anakaviika m'kambale mwaulemu wonse, n'kuweramira pa kolala ya msilikali. Anakoka mzere. Anaviikanso, akumuyang'ana mkazi wawo kuti aone. Anakoka wina. Kenako panapezeka kakhwinya kena kumbuyo kwa khosi kamene sikanawasangalatse, anatsitsa magalasi, mapewa anakwera, mpweya unasintha, munthu anachoka m'chipindamo n'kulowa mu jekete. Dzanja linayamba kukwera lokha.

Mayiyo anawamenya pamkono ndi singano yolukira.

Anadzidzimuka, kachitsulo kali pafupi ndi mlomo. Anakayang'ana ngati wawagwiritsa ndi munthu wina.

"Sindinamve n'komwe," anatero.

"Ndikudziwa."

Apa ndi pamene mayiyo anamvetsa bwinobwino chimene wadzigulira. Chizolowezi cha zaka makumi atatu sichichoka ndi kambale ka madzi. Pafunika maso, tsiku lililonse, ola lililonse limene dongo lili lofewa, ndipo m'nyumbamo maso ena munalibe. Akaweruka kosita, miyendo ili ndi moto, sadzakagona. Adzakhala apa.

Anakoka mpando wake kuusendeza kudzanja lawo lamanja, pamene singano ingafike. Malo ake anali kuseri kwa chitseko, pakati pa shelefu ndi makatoni. Dzuwa linali pa tebulo, pa manja a amuna ake ndi pa msilikali wachisanu, koma pamene anakhala iyepo silinkafika. Anavula nsapato, anatola juzi, anafunafuna pamene analekezera.

"Tiyi wa akamwini uja," anatero a Tianthu, maso ali pa kolala.

"Adikira."

Analuka mizere iwiri. Pa wachitatu anakwezanso singano.